Goloboyi amene anavula magolovesi chifukwa cha Sabata

M'chaka cha 1999, goloboyi amene anapambana anzake onse mu ligi yaikulu ya ku Spain anauza akuluakulu a timu yake kuti akusiya mpira. Sanavulale, ndipo panalibe amene anakangana naye. Anali ndi zaka 29 zokha, msinkhu umene magoloboyi ambiri amakhala atangofika kumene pachimake. Dzina lake ndi Carlos Roa, wa ku Argentina, ndipo chimene chinamuchotsa pagolo ndi tsiku limene ife timaliyamba Lachisanu dzuwa likamalowa, tsiku la Sabata.

M'makomo mwathu ambiri muli mwana amene mtima wake wonse uli pa mpira. Amayamba ndi chikulunga pabwalo la fumbi, kenako timu ya sukulu, ndipo tsiku lina amabwera madzulo ndi nkhani yoti aphunzitsi a timu ina amuona ndipo akumufuna. Masiku ano si anyamata okha. Kuyambira pamene Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachoka ku Rumphi n'kukamveka m'mayiko akunja, atsikana nawonso akulota maloto omwewo. Pamenepo makolo timagwira njakata, chifukwa masewero ambiri a ligi yathu amachitika Loweruka ndi Lamlungu, ndipo sitidziwa ngati tiletse kapena tilole.

Mbiri ya Roa siyankha funso limeneli m'malo mwathu. Koma imatiyalira poyera zimene wachinyamata amakumana nazo akalowa ntchito ya mpira, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ntchitoyi ndi yaifupi, ndipo imatha munthu akadali ndi zaka zambiri zoti akhale ndi moyo. Zimene amatuluka nazo ndi thupi lake ndi chikumbumtima chake, ndipo ziwirizi n'zimene ife a kunyumba tingathe kuzisamalira mwana asanasaine pepala lililonse.

Mnyamata wa ku Santa Fe

Carlos Ángel Roa anabadwa pa 15 August 1969 mumzinda wa Santa Fe ku Argentina, dziko limene mpira anthu amaukonda ngati chakudya. Anakulira mu timu ya Racing Club, imodzi mwa matimu akuluakulu a dzikolo, imene ili ku Avellaneda pafupi ndi likulu la Buenos Aires. Anayamba kusewera mu timu yaikulu m'chaka cha 1988 ali ndi zaka 19.

Ntchito ya goloboyi wachinyamata ndi yofuna kudekha. Timu imalowetsa anthu 11 m'bwalo, koma goloboyi amakhala mmodzi yekha, ndipo kawirikawiri sasinthidwa masewero ali mkati. Mnyamata wosewera kutsogolo angapatsidwe mphindi khumi zomaliza kuti aonetse luso lake, pamene goloboyi wachiwiri angathe kukhala pa benchi chaka chathunthu akudikira kuti mnzake avulale kapena alakwitse. Akalowa, cholakwa chake chimodzi chimaoneka kwa anthu onse, chifukwa kumbuyo kwake kulibenso wina, kuli ukonde basi.

Mdani woyamba amene anagwetsa Roa sanali wosewera mpira. Timu ya Racing inabwera kuno ku Africa kudzasewera masewero apaubale, ndipo mnyamatayo anabwerera kwawo ndi malungo. Anadwala kwambiri. Ife amene tinabadwira m'dziko la udzudzu timawaona malungo ngati mlendo wa chaka ndi chaka, koma munthu amene sanawadwalepo thupi lake lilibe chitetezo chilichonse, ndipo amatha kufa m'masiku ochepa. Zizindikiro zimayamba patatha sabata imodzi kapena kuposerapo chilumidwire ndi udzudzu, choncho wapaulendo amadwala atafika kale kwawo, kumene madokotala saganizira msanga za malungo.

Ngakhale kwa ana athu amene anawazolowera, malungo ndi mdani wa wosewera mpira. Tizilombo take timaswa timaselo tofiira ta m'magazi, timene timanyamula mpweya wabwino kupita ku minofu. Mwana amene wangochira kumene amakhala ndi magazi ochepa, amatopa msanga ndipo mtima wake umagunda mofulumira. Kapamba nayenso amatupa, ndipo kapamba wotupa angathe kuphulika munthu akagundidwa mwamphamvu pamimba. N'chifukwa chake sitiyenera kulola mnyamata kuthamangira kubwalo tsiku limene thupi lasiya kutentha. Ayezetse magazi msanga, amalize mankhwala a LA masiku onse atatu monga auzidwira kuchipatala, adye bwino, apume, ndipo abwerere ku masewero pang'onopang'ono. Usiku uliwonse agone m'masikito, kunyumba ngakhalenso ku kampu ya timu.

Roa anachira, n'kubwerera pagolo.

Dzina la ndiwo zamasamba

Ku Argentina nyama ya ng'ombe yowotcha ndiyo chakudya chimene anthu amanyadira, ndipo timu ikapambana osewera amasonkhana kuzungulira moto. Roa sankadya nyama. Anzake anamupatsa dzina lomuseka lakuti Lechuga, limene m'chilankhulo cha Chisipanishi limatanthauza letesi, masamba aja odyedwa osaphika. Dzinalo linamukanirira moti mpaka lero okonda mpira kwawoko amamudziwa nalo.

Ambiri a ife tinamvapo anthu akunena kuti munthu wosadya nyama sangakhale ndi mphamvu. Goloboyi ameneyu anasewera pamlingo wapamwamba kwambiri wa dziko lapansi akudya za kumunda. Komabe kusiya nyama pakokha sikupatsa munthu mphamvu. Mnyamata amene amathamanga maola awiri tsiku lililonse thupi lake limafuna zambiri, ndipo nsima ya ufa woyera ndi kabichi wa madzi okhaokha sizingamukwanire.

Zomanga thupi tili nazo m'minda mwathu momwe: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza. Zikadyedwa ndi nsima ya mgaiwa, mpunga kapena mbatata, minofu imapeza zimene ikufuna. Bonongwe, nkhwani, chisoso ndi khwanya zimathandiza magazi, makamaka tikatsatiza chipatso monga gwafa, lalanje kapena malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba. Atsikana afunika kusamalidwa kwambiri pa nkhani imeneyi popeza amataya magazi mwezi ndi mwezi. Pali chinthu chimodzi chimene masamba ndi nyemba sizipereka, ndicho vitamini B12. Ameneyu amapezeka mu mkaka, mazira ndi nyama, ndipo banja limene linasiya zonsezi liyenera kufunsa achipatala za mapiritsi ake. Akasowa kwa nthawi yaitali, munthu amachepa magazi ndipo manja ndi miyendo zimachita dzanzi.

Zaka ziwiri za kutchuka

M'chaka cha 1994 Roa anapita ku Lanús, timu yocheperapo ya kufupi ndi Buenos Aires komweko. Kumeneko anagwira ntchito ndi mphunzitsi Héctor Cúper, ndipo mu 1996 anatenga chikho cha Copa CONMEBOL, chimene matimu a mayiko a ku South America ankalimbirana. Cúper atalembedwa ntchito ku Spain mu 1997, Roa anapita naye. Timu yawo yatsopano inali Mallorca, ya pachilumba cha m'nyanja ya Mediterranean, imene inali itangokwera kumene kulowa mu ligi yaikulu.

Palibe amene ankaiwerengera timu imeneyi, koma m'chaka choyamba chomwecho inafika mu fainolo ya chikho cha Copa del Rey, kumene inakumana ndi Barcelona mumzinda wa Valencia. Masewero anatha 1-1 ndipo anapita ku mapenate. Roa anagwira mapenate atatu, n'kumwetsa imodzi iye mwini, koma Barcelona inapambanabe 5-4. Usiku umenewo anachita zonse zimene goloboyi angachite, ndipo anapita kunyumba wopanda chikho.

Patangopita miyezi iwiri anali ku France ndi timu ya dziko lake pa mpikisano wa World Cup wa 1998. M'masewero atatu oyamba, ndi Japan, Jamaica ndi Croatia, mpira sunadutse pagolo pake. Pa 30 June, mumzinda wa Saint-Étienne, Argentina inakumana ndi England. Achikulire amene anaonera kapena kumvera pa wailesi akukumbukira chigoli cha Michael Owen, kamnyamata ka zaka 18, ndi khadi lofiira la David Beckham. Zinatha 2-2, ndipo pa mapenate Roa anatchinga mpira wa Paul Ince ndi wa David Batty. Argentina inadutsa 4-3, ndipo dzina la Lechuga linamveka dziko lonse lapansi.

Patatha masiku anayi okha, pa 4 July ku Marseille, Dennis Bergkamp wa ku Holland analandira mpira wautali masewero atatsala pang'ono kutha, n'kuudutsitsa pa Roa yemweyo. Argentina inagonja 2-1 n'kutuluka mu mpikisano. Amene anali ngwazi Lachiwiri ndi amene anakatola mpira mu ukonde kumapeto a sabata yomweyo. Tikayang'ana pa kalendala, 4 July 1998 linali Loweruka, ndipo masewerowo anachitika dzuwa likadali m'mwamba.

Chaka chotsatira chinali chopambana zaka zake zonse. Mallorca inagonjetsa Barcelona n'kutenga chikho cha Supercopa, inamaliza pa nambala 3 mu ligi, ndipo inafika mu fainolo ya Cup Winners' Cup ku Birmingham, kumene inagonja 2-1 ndi Lazio ya ku Italy. Roa anamwetsedwa zigoli 29 zokha m'masewero 35, ndipo analandira mphoto ya Zamora imene imaperekedwa kwa goloboyi wochinyidwa mochepa kwambiri mu ligi ya Spain. Nyuzipepala zinalemba kuti Manchester United, imene goloboyi wake Peter Schmeichel ankachoka chaka chimenecho, inali m'gulu la matimu omufuna.

Kuvula magolovesi

Nthawi imeneyo ndi imene anasiya. Anabwerera ku Argentina ndi banja lake, kukakhala moyo wa phee kumudzi ndi kudzipereka pa zauzimu monga membala wa mpingo wa Seventh-day Adventist. Ku Spain, monga kwathu kuno, masewero ambiri ndi maulendo a timu zimagwera Loweruka, ndipo iye anafika poona kuti sangapitirize kugawa tsikulo pakati pa Mulungu ndi bwalo la mpira.

Dziko la mpira silinamumvetse. Nyuzipepala zambiri zinalemba kuti wasiya chifukwa akukhulupirira kuti dziko litha m'chaka cha 2000, ndipo nkhani imeneyi inamutsata kwa zaka zambiri. Ife tikudziwa kuti mpingo wathu suika tsiku la kubwera kwa Ambuye. Makolo athu m'chikhulupiriro anaphunzira phunziro limeneli mowawa mu 1844, ndipo Mateyu 24:36 amatiletsa kuwerengera masiku. Koma wachinyamata aliyense amene adzakane kusewera pa Sabata adziwiretu kuti anthu adzamufotokozera chifukwa chake m'malo mwake, ndipo nthawi zambiri adzafotokoza mokhota. Ena adzati wapenga, ena adzati makolo akumupondereza, ena adzati akuopa mpikisano.

Tiyeneranso kuona kuti Roa anafika pa chisankho chimenechi atasewera kale zaka khumi ndi chimodzi, atadzipangira dzina ndiponso atapeza kangachepe kosamalira banja. Mnyamata wa zaka 17 wa kwathu kuno amakumana ndi funso lomweli ali chimanjamanja, mwina banja lonse likuyembekeza kuti miyendo yake ndiyo idzagule malata. Kwa iye kukana n'kolemera mwa njira ina. Ndipo si Roa yekha amene analipira mtengo. Ku Brazil, goloboyi wa timu ya Londrina, Vítor Ressurreição, analengeza kumayambiriro a 2016 atabatizidwa kuti sadzaseweranso kapena kuchita zokonzekera kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo, ndipo timuyo sinamuwonjezere kontirakiti.

Pagolo sipadikira munthu

Chaka chisanathe bwino, m'chaka cha 2000, Roa anabwerera ku Mallorca. Anapeza kuti malo ake ali ndi mwini wina. Leo Franco, mnyamata wa kwawo ku Argentina komweko, anakhazikika pagolo, ndipo ngwazi ya ku Saint-Étienne inakhala nthawi yambiri pa benchi. M'timu ya dziko lake namonso anali atalowa ena. Mu 2002 anatsikira ku Albacete, timu ya mu ligi yachiwiri, ndipo anaithandiza kukwera kulowa mu ligi yaikulu mu 2003.

Pakati pathu pali amene amatchula Roa ngati chitsanzo cha kukhulupirika n'kuiwala kuti anabwerera. Palinso amene amakumbukira kubwererako kokha n'kumati anafooka. Zimene zinali mumtima mwake pa ulendo wopita ndi wobwerera zili pakati pa iye ndi Mlengi wake, ndipo kuweruza si ntchito yathu. Chimene chikuoneka poyera n'chakuti nkhondo ya chikumbumtima simenyedwa tsiku limodzi n'kutha. Munthu amene wakonda chinthu kuyambira ali mwana sachiiwala chifukwa choti wachisiya. Tikamauza mwana kuti asiye mpira, tisaganize kuti nkhani yatha madzulo omwewo. Loweruka lililonse akamamva phokoso la kubwalo ali m'tchalitchi, funsolo lidzabweranso, ndipo adzafuna makolo ndi mpingo amene angamumvetsere osamukalipira.

Chinanso n'chakuti timu siyembekeza munthu. Mpira umafuna wosewera wa lero. Amene wavulala, wadwala kapena wachokapo pa chifukwa china chilichonse amapeza kuti jezi yake yavalidwa. Si nkhanza za munthu mmodzi, ndi mmene ntchitoyi imayendera, ndipo mwana ayenera kuidziwa asanailowe.

Matenda a anyamata amene sitiwatchula

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 2004, akadali ku Albacete, Roa anapezeka ndi khansa ya mavalo, kapena tinene mosabisa mawu kuti machende. Anachitidwa opaleshoni ndi kulandira mankhwala amphamvu a khansa, ndipo anakhala nthawi yaitali osasewera.

Apa tiyenera kunena zoona ngakhale zitatiwawa. Uyu anali munthu wosamala chakudya ndiponso wolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, koma anadwala malungo ali mnyamata ndipo anadwala khansa ali bambo. Uthenga wathu wa zaumoyo umachepetsa matenda ambiri, monga a mtima, a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma sunalonjezepo kuti amene akuutsata sadzadwala. Tikamaphunzitsa ngati kuti nyemba ndi madzi ndi chishango cha matenda onse, m'bale amene wadwala amayamba kudziona ngati wochimwa ndipo amabisa matenda ake. Roa anapulumuka chifukwa anapita kwa madokotala n'kulandira chithandizo.

Khansa zambiri zimakonda achikulire, koma iyi imagwira kwambiri anyamata ndi abambo achinyamata, kuyambira zaka za m'ma 15 mpaka za m'ma 40, msinkhu womwewo wosewera mpira. Kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kolimba kosapweteka pa tchende limodzi, kapena kutupa, kapena kumva kulemera kumalo amenewo. Chifukwa chakuti sipapweteka, mnyamata amangoti zitha zokha. Amene anabadwa tchende limodzi lisanatsikire m'malo mwake ali pachiopsezo chokulirapo. Kumenyedwa ndi mpira sikuyambitsa khansa imeneyi, ngakhale kuti nthawi zina n'kumene kumachititsa munthu kudzigwira n'kuzindikira chotupa chimene chinalipo kale.

Nkhani yabwino ndi yakuti imeneyi ndi imodzi mwa khansa zimene zimachizika kwambiri, makamaka ikapezeka msanga. Kudziyeza n'kosavuta. Kamodzi pamwezi, posamba madzi ofunda, mnyamata agwire tchende lililonse pakati pa chala chachikulu ndi zala zina n'kuligubuduza pang'onopang'ono, kumvetsera ngati pali polimba kapena pamene pasintha. Si chachilendo kuti limodzi likhale lokulirapo pang'ono kapena lotsika kuposa linzake. Chofunika ndi kusintha kumene kunalibe mwezi watha. Akapeza chotero apite kuchipatala sabata yomweyo. Zotupa zambiri sizikhala khansa, koma amene angasiyanitse ndi dokotala. Ndipo ululu waukulu wobwera mwadzidzidzi kumalo amenewa ndi nkhani ya ola lomwelo, chifukwa mtsempha ukhoza kukhala utapotoka ndipo magazi sakuyenda.

Anyamata ambiri amaopa kuti akachotsedwa tchende limodzi ndiye kuti umuna watha. Kwa ambiri lotsalalo limakwanira, ndipo amakwatira ndi kubereka ana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Abambo, amalume ndi atsogoleri a achinyamata mumpingo, nkhani iyi ndi yanu. Mayi angaone kuti mwana wasintha mayendedwe, koma mnyamata adzamasuka msanga kwa mwamuna mnzake amene anayamba yekha kuitchula nkhaniyo.

Roa anachira. Anayamba kuchita zokonzekera ndi matimu ang'onoang'ono a pachilumba cha Mallorca, kenako anabwerera kwawo kukasewera ku Olimpo ya ku Bahía Blanca, mu ligi yaikulu ya Argentina. Anapachika magolovesi komaliza mu 2006. Kuyambira pamenepo wakhala mphunzitsi wa magoloboyi, ndipo wayenda ndi mphunzitsi Matías Almeyda ku River Plate kwawo, ku Guadalajara m'dziko la Mexico, ku San Jose ku America ndi ku AEK Athens ku Greece.

Mwana akabwera ndi nkhani ya timu

M'mera mpoyamba. Nkhani ya Sabata tisaisungire tsiku limene anthu a timu afika pakhomo ndi pepala. Iyambe mwana akadali ku timu ya sukulu, ndipo ikhale yokambirana. Timufunse chimene iye mwini akukhulupirira, timufotokozere chifukwa chimene ife timasungira tsikuli, ndipo timuuze zoona kuti matimu ambiri sadzamulola kujomba Loweruka lililonse. Chikhulupiriro chobwereka kwa makolo chimatha tsiku limene mwana wakwera basi kupita ku kampu. Ngati wasankha yekha kusunga Sabata, anene poyera kwa aphunzitsi tsiku loyamba, ndipo zimene agwirizana zilembedwe mu kontirakiti. Lonjezo la pakamwa limachoka limodzi ndi mphunzitsi amene analipereka.

Sukulu isaime. Roa anasewera zaka pafupifupi 18, ndipo ameneyo ndi mmodzi wa amwayi, chifukwa magoloboyi amakhalitsa kuposa anzawo. Ambiri amatha msanga ndi bondo kapena kakolo, ndipo ochuluka kwambiri safika n'komwe polipidwa ndalama zokwanira kudyetsa banja. Satifiketi ya MSCE kapena luso la manja n'zimene zimamulandira munthu mpira ukamutaya.

Tichenjere ndi anthu olonjeza kutengera ana kunja. Malamulo a FIFA saloleza kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa, monga pamene makolo asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Munthu amene akufuna kuti tigulitse munda kapena ng'ombe kuti mwana akayesedwe ku Ulaya tiyambe tamufufuza ku bungwe loyendetsa mpira la dziko lathu. Pali ana ambiri a mu Africa amene anasiyidwa m'mizinda yachilendo opanda timu, opanda mapepala ndiponso opanda ndalama yobwererera.

Thupi liyezedwe. Mwana amene anakomokapo akuthamanga, amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika kuposa anzake, kapena amene kubanja kwawo wina anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono, aonedwe mtima asanapitirize. Okonda mpira sanaiwale Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu June 2003 ali ndi zaka 28, chifukwa cha matenda a mtima. Amene wagundidwa m'mutu n'kuchita chizungulire kapena kusokonezeka atuluke m'bwalo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale atalimbikira kuti ali bwino. Mapiritsi opha ululu omwa kuti asewere ndi bala amangobisa moto pansi pa phulusa.

Pomaliza, mpingo nawonso uli ndi mbali yake. Kuthamanga, mpweya wabwino ndi dzuwa zili m'gulu la zimene timaphunzitsa, ndipo mwana amene amakonda mpira ali kale pa njira imene ambiri a ife akuluakulu timalephera kuiyenda. Masewero a Lamlungu pakati pa mipingo, okonzedwa bwino ndiponso opanda ndewu, amapatsa mwana wotere malo oti luso lake lioneke pakati pa abale ake. Amene wasiya timu chifukwa cha Sabata wataya anzake, ndalama ndi maloto, ndipo kumuombera m'manja tsiku limodzi sikokwanira. Afunika wina womuthandiza kupeza sukulu kapena ntchito. Amene wasankha kusewera akadali mwana wathu, ndipo khomo la tchalitchi likhale lotseguka kwa iye.

Roa anali ndi zaka 19 pamene analowa pagolo koyamba, ndipo kutchuka kwake kwenikweni kunatenga zaka ziwiri zokha. Zotsala zonse zinali kudikira, kudwala, kusankha ndi kuyambiranso. Mwana wathu akadzabwera madzulo ndi nkhani ya timu, timuuze za penate ya David Batty, chifukwa ndi nkhani yokoma ndipo adzaikonda. Tikatero tisaime pomwepo. Timuuzenso za malungo, za benchi ya ku Mallorca ndi za chipatala, kenako tikhale chete timve zimene iye akuganiza.